Mmene Gonthi Anabwererera pa Mbalule

M'zaka zija matipate atangofika kumene, anthu akuphunzira kuvala malaya a zipani zosiyanasiyana popanda kucheuka kumbuyo, ine ndinali woyimba mbalule wodziwika kuyambira kwathu kuno kufupi ndi Golomoti mpaka ku Mtakataka, ndipo sindikudzitama ayi, kafunseni aliyense wa imvi akakuuzani. Inu a kwaya mwabwera ndi ng'oma yanu yobooka kuti ndikukonzereni, ndipo ndikonza, koma chikopa chikadali m'madzi, sichinafewe, ndiye khalani pamphasapo. Iwe Esinta wafunsa kuti ng'oma ndi maseche zili ndi ntchito yanji m'nyimbo, popeza kiyibodi yanu ili nazo zonse m'kabatani kamodzi. Usadabwe kuti ndakumva, ndaona milomo yako. Ukamayankhula nane uzindiyang'ana, chifukwa khutu lamanzereli linafa kalekale, ndipo lamanjali limangotola zinyenyeswa.

Kale ng'oma sinkayenda yokha ngati yanuyi. Ife tinkayimbira amayi a chimtali a m'mudzi muno, ndipo pabwalo tinkakhala ndi ng'oma zinayi. Gunda ndiyo yaikulu, ya mawu apansi amene umawamva m'mimba usanawamve m'khutu, ndipo woyimba gunda safuna munthu wa phuma. Mpanje ndi wautali, woonda, umanena mawu omwewo mobwerezabwereza osatopa. Tete ndi kang'oma kakang'ono kolira pamwamba, kamene kamadzaza mipata yosiyidwa ndi zinzake. Pambali pamakhala wa maseche, wina ali ndi chisekese cha bango chokhala ndi njere m'kati, ndipo nthawi zina wina amagogoda khasu lakutha ndi msomali, ngwe ngwe ngwe, kuti amayi akumapeto kwa mzere asasochere. Zonsezi ntchito yake ndi imodzi, kulambula njira ndi kuisunga. Nyimbo ili ndi mawu ake, inde, koma popanda njirayo mawu amangoyandama, munthu sadziwa poponda.

Ndiye pamabwera mbalule. Mbalule timaimata phula lakuda pakati pa chikopa kuti mawu ake alemere, ndipo imeneyo ndi yokhayo yololedwa kuchoka pamzere, kudumpha, kufunsa, kuyankha, ngakhale kukhala chete pang'ono kenako n'kugwa ngati mphenzi. Achinyamata onse amalakalaka mbalule, palibe amalota gunda. Iwe Yohane usaseke, ndakuona mmene waiyang'anira ija yapakhomoyo.

Ine ndinayambira kumunda, pa mangolongondo, timitengo touma toyala pa mitengo iwiri ya nthochi, tikuthamangitsa anyani otsika m'mapiri aja kudzadya chimanga. Malume anga a Dizimasi ndiwo anandichotsa kumeneko n'kundiika pa tete, kenako pa mpanje zaka zambirimbiri, ine ndikung'ung'udza. Tsiku limene anandipatsa mbalule sananditengere ku ng'oma ayi, ananditengera kokaonera madoda akuvina ngoma ya Chingoni, gule wopanda ng'oma, nthaka ikunjenjemera ndi mapazi ndi zishango basi. Anandiuza kuti, “Mphwanga, waona? Phazi linayamba, ng'oma inabwera pambuyo. Mbalule siyimbira makutu ako, imayimbira mapazi a wovina. Maso ako asachoke pansi.”

Mawu a akulu akoma akagonera, anatero akale, ndipo kwa ine anagonera zaka makumi atatu. Dzina litakula, ndinayamba kuyimba nditatsinzina, mutu nditaukhotetsa chagada, kuti anthu aziti taonani a Bonifasi, sayang'ana n'komwe. Makutu anga anali akuthwa, ndinkamva kupuma kwa wotsogolera nyimbo n'kudziwa kumene akupita, ndiye maso ndinkawaona ngati katundu wosafunika. Wotsogolerayo anali mkazi wanga, a Nangozo, mayi a Lute, amene anali mtsogoleri wa gulu lonse la chimtali. Iwo ankandichenjeza kuti kunyada kwanga kudzandigwetsa, koma ine ndinkangoti nsanje basi.

Dzinja lina ndinadwala malungo aakulu. Ananditengera kuchipatala pa ngolo ndili chikomokere, ndipo madokotala anandibweza kumanda, ndimawathokoza mpaka lero, koma nditadzuka dziko linali litakhala chete. Ndinkaona nkhuku ikutsegula mlomo, mawu osafika. Kunyumba ndinkanamizira, wina akayankhula ndinkangogwedeza mutu n'kumati eya, eya, ndipo ndinauza aliyense kuti ng'oma yokha ndikuimva bwinobwino. Linali bodza. Ndinkangomva kugunda kwa gunda m'chifuwa, basi.

Bodzalo linaululika pa ukwati wa mwana wa msuweni wanga, dzuwa lili pamutu, anthu atadzaza mpaka kumsewu. Ndinakhala pa mbalule, ndinatsinzina monga mwa chizolowezi changa, ndipo manja anayenda okha. Ndinkadziona ngati ndikuyimba kuposa kale lonse. Koma nditatsegula maso ndinapeza amayi onse ataima, manja ali m'chiuno, anzanga atasiya ng'oma zawo kalekale, mkwati atabisa nkhope m'nsalu, ndipo khamu lonse likugubuduka ndi phwete. Nyimbo inali itatha, ine ndikungomenya ndekha ngati wamisala. Sindinamve kuseka kwawo, koma ndinaona mano awo onse, ndipo ndikuuzeni ana inu, manyazi oona ndi maso amapweteka kuposa akumva.

Tsiku lotsatira a Nangozo anakhala patsogolo panga n'kuyankhula pang'onopang'ono kuti ndiwerenge milomo yawo.

“Bambo a Lute, mbalule musiye. Atenge a Layitoni.”

A Layitoni anali mlongo wawo wamng'ono, alamu anga, bambo wa ana asanu amene anakhala pa mpanje zaka zambiri akudikira mpando wanga.

“Mukundichotsa inu? Inu amene ndakuyimbirani kuyambira muli mtsikana?” ndinatero.

“Ndikukuchotsani ine, kuti asakuchotseni ena mwachipongwe. Koma simukhala pakhomo kumalondera nkhuku ayi. Muziyenda nafe, muziwamba ng'oma.”

Mwambo wathu ndi wakuti mbalule imagona m'nyumba ya woiyimba. Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, a Layitoni anabwera ndi njinga, anandipatsa moni wa ulemu osandiyang'ana kumaso, anaimanga ndi mphira n'kumapita. Ndinatsala ndikuyang'ana chikhomo chimene inkapachikidwapo, ndipo ndinalira, sindibisa, munthu wamkulu wa zidzukulu ndinalira. Kuyambira tsiku limenelo m'mtima mwanga munali funso limodzi lokha, loti kodi ng'oma imeneyo idzalowanso pakhomo panga ndisanafe.

Kuwamba ng'oma inu simukudziwa, chifukwa zanu zamasiku ano mumangozimanga ndi sipanala. Chikopa chokhomera ndi zikhomo chimafooka kukakhala chinyezi, ndiye timayatsa kamoto ka udzu pambali pa bwalo n'kumayandikiza nkhope ya ng'oma kuti ikungike. Ukaichedwetsa pamoto imang'ambika, ukaichotsa msanga imalira ngati mtsuko wosweka. Imeneyi ndi ntchito yonyozeka, ya utsi m'maso, ndipo anthu amene kale ankandipatsa mpando anayamba kundiitana ndi chala kuti, “Agonthi, bweretsani gunda!” Poyamba ndinkaigwira mokwiya. Koma popeza makutu kunalibe, ndinaphunzira kuyesa chikopa ndi chikhatho, ndikachigogoda ndi chala ndinkamva kunjenjemera kwake m'mafupa a dzanja, ndipo posakhalitsa panalibe gulu lina la ng'oma zokungika bwino ngati zathu.

Ndipo pokhala chonjuta pamotopo, maso anga anali pafupi ndi nthaka. Zaka zitatu, ana inu, ndinaonera mapazi. Ndinaona zinthu zimene pa zaka makumi atatu zotsinzina sindinazionepo. Ndinaona kuti a Nangozo asanatembenuke amayamba anyamula chidendene chakumanzere pang'ono chabe, ndipo akafuna kuti gule athamange zala zawo za kuphazi zimakumba dothi. Ndinaona kuti nyimbo ikamapita kumapeto amatsitsa litchowa lawo la mchira wa ng'ombe mpaka pabondo, ndipo wezulo yawo ya pakamwa isanalire masaya awo amayamba afufuma. Ndinkayimba mbalule pa maondo anga ndili pamoto pomwepo, palibe amene ankaona, kapena ankaona koma n'kumati nkhalamba yapenga. Ndinapemphapo kawiri kuti andiyese, koma amayi a gululo anakana, ati mwatichititsa manyazi kamodzi, kwakwana. Sindinawadzudzule, pajatu mbuzi ikalawa zamchere sigwirika, ndipo iwo ankaganiza kuti langa ndi dyera la mpando basi.

Ndiye kunabwera mpikisano wa magule ku Mtakataka, pabwalo la sukulu ina. Masiku amenewo zimkuzamawu zinali zitafala chifukwa cha misonkhano ya ndale, aliyense wokonza chochitika ankafuna kuti amveke mpaka kunyanja. Kale ng'oma inkadzimvekera yokha, tikayimba kuno a kutsidya kwa njanji ankadziwa kuti kwa akuti kuli chinkhoswe. Koma okonza mpikisanowo anabwera ndi jenereta, anaika maiki patsogolo pa ng'oma, ndipo zimkuzamawu zazikulu anakazimangirira kutali pa mtengo wa mango, zitayang'ana khoma lalitali la makalasi.

Gulu loyamba, la amayi a kunyanja, linalowa mwamphamvu, koma pasanapite nthawi ndinaona mapazi akusemphana ndi manja a oyimba. Anaima, anayambiranso, zinasokonekeranso. Gulu lachiwiri chimodzimodzi, mpaka mkulu wawo anayamba kufukula dothi pansi pa ng'oma, ati wina watchera mankhwala. Ine pamoto wanga ndinaona chinthu china, kuti oyimba onse ankatembenuzira mutu ku khoma lija ngati pali wowaitana. Ndinakoka malaya a Layitoni.

“Alamu, kukuchitika chiyani?”

Anandikuwira m'khutu lamanja. “Ng'oma ikulira kawiri! Ukamenya pano, kukhomako ikuyankha mochedwa! Sukudziwa yako ndi iti!”

A Nangozo anapita kukapempha kuti azimitse makinawo, koma mwini makina anakana, ati alendo olemekezeka kuchisakasa kuja akufuna kumva, komanso magulu onse ayesedwe mofanana.

Nthawi yathu inakwana. A Layitoni anali katswiri, sindiwanyoza, koma luso lawo lonse linali m'makutu monga mmene ndinalili ine. Anayamba bwino, kenako ndinaona thukuta, mutu wayamba kucheukira kukhoma, dzanja likuzengereza. Wa mpanje anatsata mawu a kukhoma, wa gunda anatsata a pafupi, mzere wa amayi unaduka pakati, ena akupita kumanja ena kumanzere, mpaka awiri anawombana mitu. A Nangozo anakweza litchowa, zonse zinaima. Oweruza anaonetsa chala chimodzi, kutanthauza kuti tatsala ndi mwayi umodzi monga anzathu aja.

Ndinaona a Nangozo ataima pakati pa bwalo, akupuma mwamphamvu, akuyang'ana mlongo wawo, kenako khoma, kenako ine. Anayenda kubwera pamoto, anagwada kuti nkhope zathu zilingane.

“Bambo a Lute, khomalo mukulimva?”

“Sindikumva kanthu, mayi.”

“Nanga ine mukundiona?”

“Ndakhala ndikukuonani zaka zitatu.”

“Mukatsinzina lero, kwathu musabwere,” anatero, koma m'maso mwawo munali kuseka.

Amayi ena anayamba kuponya manja, ndinaona milomo ikuti gonthi, gonthi, atiphetsa. Koma a Layitoni anadzuka okha pampando, anapukuta chikopa ndi malaya awo n'kundipatsa mbalule ndi manja awiri. “Alamu, ine zandikanika,” anatero. Mawu amenewo si apafupi kwa mwamuna pamaso pa khamu, ndipo ndimawalemekeza nawo mpaka lero.

Ndinaiyandikiza pamoto kamphindi, ndinakanikiza phula ndi chala chachikulu kuti likhale pakati penipeni, ndipo ndinauza anzanga zinthu ziwiri. Wa gunda ndinati agunditse ng'oma yake ku mwendo wanga kuti ndiziimva m'fupa, ndipo onse asamvere chilichonse, aziyang'ana bondo langa basi. Kwa a Nangozo ndinati achepetse bwalo, amayi avinire pafupi ndi ng'oma pamene mawu enieni amaposa a kukhoma, ndipo aliyense aziyang'ana mapazi a mnzake wa patsogolo. Ndinakhala pansi, mbalule ili pakati pa miyendo. Ndinali ndi mantha, ana inu, mantha oposa a tsiku la ukwati wanga.

Masaya a Nangozo anafufuma, phazi lawo linatsika, ndipo dzanja langa linatsika nalo limodzi. Bondo langa linayamba kuwerenga, gunda inalowa, ndinaimva ikukwera m'mwendo mpaka m'chifuwa, mpanje ndi tete ndinaziona m'manja mwa anzanga zikugwa pamalo pake, wa maseche akugwedeza maso ali pa ine. Khoma lija kaya linkanena chiyani, linkanena ndi ena, ine linalibe nane mlandu. Chidendene chakumanzere chinanyamuka, ndinadula, iwo anatembenuka ndipo mbalule inawapeza pomwepo. Zala zinakumba dothi, ndinathamangitsa, amayi makumi awiri anatsika pamodzi ngati munthu mmodzi, zitenje zikuwuluka, fumbi likukwera. A Nangozo anazindikira kuti ndikuwawerenga, ndiye anayamba kundiyesa dala, akunamizira kupita kumanja n'kubwerera, akuima mwendo m'mwamba kuti aone ngati ndigwe msanga, koma ine ndinkadikira mpaka phazi lifike pansi. Pamenepo anaseka, mayi wa zidzukulu akuvina ngati namwali, ndipo ine ndinayiwala kuti ndine gonthi.

Nditaponya diso kamodzi kumbali ndinaona anthu akuthamanga kuchokera kumalonda, ana atakwera m'mitengo, amayi a magulu opikisana nafe manja ali pakamwa akululutira nthungululu zimene sindinazimve, ndipo mmodzi wa oweruza, bambo wa tayi, anali ataimirira akugwedeza mapewa, pepala lake litagwa pansi. Ndinabweza maso msanga. Litchowa linatsika mpaka pabondo, masaya anafufuma, phazi lomaliza linagunda nthaka, ndipo dzanja langa linagwa nalo n'kukhala pomwepo pachikopa. Sindinawonjezere ngakhale kamodzi. Bwalo lonse linaima nthawi imodzi.

Zimene zinatsatira ndinangoziona ngati maloto. Amayi omwe aja ankati ndiwaphetsa anandizungulira, wina anandikoleka chitenje m'khosi, wina akundipukuta thukuta, ndipo madoda awiri anandinyamula pamapewa ndi mbalule yanga yomwe. Tinapambana, inde, ndipo anatipatsa mbuzi, koma za mbuziyo sindikumbuka n'komwe kuti inali ya mtundu wanji.

Chimene ndimakumbuka ndi pobwerera. Tinkamanga ng'oma panjinga, ndipo wa mpanje, mwa chizolowezi, ananyamula mbalule n'kuiika pa keliyala ya a Layitoni. Ine ndinaganiza kuti mwina anangondibwereka kwa tsiku limodzi. A Layitoni anaitsitsa, anaibweretsa panjinga yanga n'kuimanga okha ndi mphira wawo. A Nangozo anaima patsogolo panga kuti ndione milomo yawo, ndipo anati, “Chikhomo chija sindinachizule. Tiyeni kwathu.” Tinayenda wapansi njira yonse, ine ndikukankha njinga, chifukwa sindinafune kuti ng'omayo igwedezeke m'mabampu, komanso, ndinene zoona, ndinkafuna kuti midzi yonse ya m'njira ione.

Patapita masiku awiri a Layitoni anabwera kudzapempha kuti ndiwaphunzitse kuyimba ndi maso. Ndinathyola thonje m'munda mwanga n'kuwauza kuti atseke makutu onse awiri, ndipo mlongo wawo anawavinira pabwalo pano, iwo akuphonya, ife tikuseka mpaka misozi. Anaphunzira, ndipo manja anga atayamba kuuma ndi nyamakazi ndinawapatsa mbalule ndekha, ndi mtima woyera, mpaka pamene nawonso anakalamba n'kuibweza kuno kuti ndizisunga. A Nangozo anatisiya zaka zingapo zapitazo, koma anapita atandivinira magule ambiri, ndipo sindinatsinzinenso ngakhale kamodzi.

Ndiye ana anga, ine sindikuletsani zamakono, imbani nazo, dziko ndi lanu tsopano. Koma ndikudziwa kuti m'kwaya mwanumo muli wina amene anaphonya tsiku limodzi pamaso pa anthu, ndipo kuyambira pamenepo mumamuyang'ana ngati watha ntchito. Mwina n'zoona kuti pampando wake ayenera kuchokapo, ngakhale ine ndinayenera. Koma musamubweze kunyumba. A Nangozo akanandisiya pakhomo tsiku lija, bwenzi nditafa ndi mkwiyo, osadziwa kuti mkazi wanga amavina bwanji. Mpatseni ngakhale ntchito ya utsi, koma akhale pamene akuona bwalo.